Wosunga Nthawi

Zida zanga ndi supuni ndi botolo.
Mphindi zitatu zikakwana, ngwee!
kaya unali pakati pa mwambi,
kaya mawu anali atangoyamba kukoma.

Timakumana Loweruka masana, m'kalasi yobwereka kwa Mpondasi,
pansi pa bolodi lodzaza masamu a ana a eni
amene sitiloledwa kufufuta.
M'menemo tidazengamo kale milandu yambiri:
ngati shuga wa pa kampeni ndi mphatso kapena nyambo,
ngati wakuba mbuzi ayenera tayala ndi petulo,
ngati makuponi a feteleza amaidziwa njira ya kwa mmphawi.
Boma silidatimvepo. Ife timabwerabe.

Tsiku limenelo a Chilungo, wapampando wathu,
adalemba m'ngodya ndi kachoko kotsala ngati dzino:
WOPITA KU JONI WATHAWA NKHONDO YAKWAWO.
Mbali sitisankha. Timapisa dzanja m'kofia,
ndipo kapepala kamene watola
ndiko chikhulupiriro chako mpaka botolo lilire.

Twaibu adatola kuvomereza.
Twaibu yemweyo, amene tonse tinkadziwa
kuti njinga ya kabaza adagulitsa kale
ndipo pasipoti ikugona m'jumbo kunsi kwa matiresi.
Adaimirira, nakonza kolala:
"Midzi yatsala ya amayi ndi mbuzi!
Malata akuwala, m'nyumba mulibe bambo.
Mwana akudziwa atate ake ngati mawu
amene amaduka mayunitsi akatha."
Tidaomba m'manja. Iye adayang'ana kudenga.
Ngwee!

Kutsutsa kudagwera Lukiya.
A Chilungo adatsokomola, nafuna kuti titolenso,
poti ndani sadaione, mwezi wa Juni,
ngolo ya basi ikuwoloka mlatho wa Shire
itasenza mafiriji a ena, masofa a ena,
ndi bokosi la mlongo wake Ajibu pakati pa katunduyo?
Iye adangoti, "Lamulo ndi lamulo," namanga bwino mpango.

"Wathawa nkhondo iti?
Ajibu adakhoza Fomu Folo.
Satifiketi adayenda nayo pa boma ponse
mpaka idafewa ngati kansalu kopukutira thukuta.
Ofesi idati bwera mawa,
mawa lidati bwera ndi kangachepe.
Adakalima kwa Katuli, mtengo wa feteleza udamuseka.
Ife otsala mukuti ndife asilikali?
Tionetseni mfuti zathu.
Fizi imene idandiphunzitsa kuyankhula chonchi
idachokera m'manja osenza njerwa za eni..."

Zitatu zidakwana.
Ndidaziona pa foni yanga yosweka galasi.
Supuni inali m'mwamba.
Zinayi.

"Sadathawe. Adakamenyera kumene kudapezeka bwalo.
Wothawa ndi uja adatenga voti yake
nakweza magalasi a galimoto."

Zisanu ndi theka.
Palibe adandicheukira, ngakhale Twaibu,
amene anali ndi ufulu wonse wodandaula.
Mawu atamuthera okha ndipamene ndidagunda botolo,
pang'ono chabe,
monga umagogodera pakhomo pamene pali wodwala.

Oweruza adapatsa Twaibu, kusiyana mapointi awiri.
Akuti Lukiya adabweretsa mtima
pamene pankafunika ziwerengero.
Kumzikiti kudamveka kuitana kwa swala,
tidabwezera mabenchi m'malo mwake.

Pa msewu wa fumbi Lukiya adandipeza.
"Ndinakuona. Unandiwonjezera nthawi.
Usadzatero. Chisoni ndalandira chokwana pa maliro,
kuno ndimabwera kudzatsutsidwa."
Ndidasowa poyika maso,
ndidawerenga masipoko a njinga yodutsa.

Twaibu adakwera basi Lachiwiri.
Adatumiza uthenga ali pa Mwanza:
"Zonse ndinanena zija n'zoona. Mundisungire mpando."

Loweruka lino mutu walembedwa kale:
KODI CHIFUNDO CHILI NDI UFULU WOPINDA LAMULO?
A Chilungo andilanda supuni.
Akuti ulendo uno
nanenso ndipise dzanja m'kofia.